A Gwedeza ndi injini ya mchimwene wanga

A Gwedeza tinawaika m'manda mwezi watha. Ine kumaliroko ndinapita chifukwa pagombe pano ukajomba maliro anthu amakusungira. Ndinatunga madzi, ndinatsuka mbale, koma misozi ayi, ndipo sindikubisa. Mkulu wa mpingo ataimirira n'kunena kuti malemuwa anali tate wa maboti onse a gombe lino, amayi ena anandiyang'ana cham'mbali kuti aone nkhope yanga. Ndinangowerama n'kumakonza chitenje. Mlamu wanga Esinati, mkazi wa malemu mchimwene wanga Mateyu, iye anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, osabweranso mpaka bokosi linanyamuka.

Mawu a mkulu wa mpingoyo anali okoma, koma ine ndili ndi mwana wa mchimwene wanga, Limbani, munthu wandevu tsopano, amene palibe mwini boti angamulole kugwira injini. Amakoka ukonde, amakapa madzi, amasenza mabeseni, koma kumbuyo kwa boti, kumene kumakhala woyendetsa ndipo gawo lake limakhala lonona, samuyandikizako. Eni maboti amati ali ndi magazi a bambo ake, amene anaumira oyilo mpaka kuwotcha injini pakati pa nyanja n'kudziphetsa okha. Bodza limeneli analiyambitsa ndi a Gwedeza. Injini imene ikanawatsutsa anaitsekera m'chisakasa chawo zaka zonsezi, osalola munthu kuimasula.

A Gwedeza anali makaniko wa injini za maboti, yekha kuchokera kuno mpaka ku Chipoka. Anali munthu wamfupi, wa khosi lalikulu, wa ovolosi imodzi imene mtundu wake unaiwalika kalekale. Ndi ovolosi yomweyo ankalowa nayo m'tchalitchi atangoponya jekete pamwamba, ndipo benchi imene akhalapo inkadziwika ndi fungo la petulo mpaka Lachitatu. Chisakasa chawo chinali pansi pa mkuyu, moyang'anizana ndi pamene maboti amakocheza. Panja panali mgolo wa madzi woyeseramo injini, ndi mpando wa galimoto yakale umene wina aliyense sankayerekeza kukhalapo.

Khutu anali nalo, limenelo sindingawalande. Boti lisanaoneke ankatchula mwini wake pongomva kulira kwa injini, n'kuonjeza kuti ameneyo pulaga yatha, mawa abwera kuno. Mawa lake munthuyo ankabweradi atasenza injini paphewa. Sindikunena izi powatama. Ndikufuna mudziwe kuti munthu wa khutu lotere injini sikanamunamiza, ndipo chimene anachita kwa Mateyu sanachite mosadziwa.

Ntchito yawo sinkafuna maso. Ukabweretsa injini ankakutuma kukagula tiyi, kapena ankangokupatsa msana n'kufunda chisaka pamene akumasula. Chitsulo chimene achotsa mu injini yako sunkachionanso. Ankachiponya m'chitini cha penti, ndipo sabata yamawa chinkalowa mu injini ya mnzako ngati chatsopano chochokera ku Lilongwe. Asodzi ankaseka okha kuti injini zonse za gombe lino n'zapachibale. Ankaseka, koma injini ikakhosomola ankabwerera komweko, chipewa chili m'manja.

Kunabwerapo makaniko wina wochokera ku Salima boma, amene ankamasula injini mwini wake akuona, n'kumupatsa chitsulo chakale kuti apite nacho kwawo. A Gwedeza sanamutukwane. Anangolengeza pamalo ogulitsira nsomba kuti injini imene yakhudzidwa ndi manja a mlendoyo isadzafikenso pansi pa mkuyu, ngakhale mwini wake atabwera chokwawa. Anthu anaganiza kuti mlendo akhoza kuchoka mawa, koma a Gwedeza ndi apompano. Mvula isanagwe mlendo uja anali atamanga masipanala ake n'kubwerera kwawo.

Munthu akafuna kugula injini, ndiye pamene a Gwedeza ankatupa. Palibe ankagula osawatenga kuti akaimvetsere. Injini zazing'ono, zimene kuno timazitcha fifitini, ankazinyoza kuti ndi njinga za amayi opita kuchigayo, ndipo mwamuna woyenda ndi yotere ngakhale kunyumba mawu ake samveka. Ankakonda zikuluzikulu, za fote, chifukwa zimadya zitsulo zambiri ndipo mwini wake sachedwa kubwerera kwa makaniko. Wina akadandaula kuti injini ikutentha, ankamuuza kuti kutentha ndiyo mphamvu yake, ndipo mwezi wa Juni panyanja munthu wanzeru sanyamula mbaula, amawotha injini. Anthu ankaseka nthabwala imeneyo. Ine ndinaiseka nawo kangapo, isanandifikire pakhomo.

Pagombe pano tili ndi mwambo wathu. Munthu amene wakusankhira injini amakwera nawo ulendo woyamba wa botilo. Akuluakulu anaukhazikitsa kuti wosankhayo aike thupi lake pamene waika pakamwa pake, ndipo pobwera beseni loyamba la nsomba limakhala lake. A Gwedeza mwambo umenewu ankaukonda kuposa Khirisimasi. Ankafika woyamba, beseni lawo lalikulu lili m'manja, n'kukhala kutsogolo kwa boti atapinda miyendo ngati mwini wake. Ndinawaonapo akukwera ali ndi malungo, akunjenjemera, mkazi wawo akuwaletsa. Ndinawaonapo akuchoka pamaliro a mbale wawo mwambo uli mkati chifukwa boti latsopano linali kunyamuka. Ulendo woyamba umene anaukana pa moyo wawo wonse ndi wa Mateyu.

Mateyu anali mchimwene wanga wobadwa pambuyo panga. Anakhala ku Joni zaka zingapo akugwira ntchito m'minda ya anthu, ndipo atabwera anakhometsa boti lamatabwa, lalitali bwino, lopaka buluu. Chinatsala ndi injini. Panali ziwiri zogulitsa. Ina inali fifitini ya bambo wina wa ku Chipoka amene anasiya usodzi chifukwa cha msana, imene inakhala nthawi yaitali osaigwiritsa ntchito. Inayo inali fote ya mkamwini wa a Gwedeza. Mateyu mtima wake unali pa yaing'onoyo, chifukwa sankafuna kupita kutali ndipo petulo ankamuopa. Koma mwambo ndi mwambo, anapita pansi pa mkuyu kukafunsa.

Ine ndinalipo tsiku loyesa injiniyo, chifukwa thandala langa loyanikapo usipa linali pafupi ndi chisakasacho. Unali m'mawa, kukadali kachisanu. A Gwedeza anali atadzaza mgolo mpaka pakamwa, madzi akusefukira, chinthu chimene sankachita masiku onse. Fote ija inali itapachikidwa kale, ikunyezimira. Anakoka chingwe kamodzi, inalira, anthu anayamba kusonkhana.

Kwa amene simunakhale kunyanja: injini ya boti imamwa madzi a m'nyanja kuti izizizira, n'kuwatulutsa pakabowo kakumbuyo. Asodzi amati injini ikukodza. Woyendetsa aliyense amayang'ana kamtsinje kameneko kuposa mmene amayang'anira mkazi wake, chifukwa kakaleka injini imapsa. Pa fote ija madzi ankatuluka modukizaduka. Mateyu anaika dzanja pamutu pa injiniyo n'kulichotsa msanga.

"Madala, mutuwu watentha msanga bwanji?"

"Iwe wakhalitsa ku Joni," anatero a Gwedeza. "Injini yamphamvu imatero. Juni akubwerayu udzandithokoza, anzako akunjenjemera iwe ukuwotha."

"Nanga madziwa akutuluka mofooka chonchi?"

"Kamchenga chabe. Ikalowa m'nyanja idzitsuka yokha."

Atanena zimenezo anaizimitsa, isanalire ndi nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya tiyi. Ine fungo linali litandipeza kale. Ndinasiya usipa n'kuyandikira.

"Mateyu, pentiyu ngwadzulodzuloli. Injini yabwinobwino amaipakiranji?"

A Gwedeza sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana amuna amene anaima pamenepo. "Mayi, bwererani ku usipa wanu, akhwangwala akukuthandizani kugulitsa." Anthu anaseka. Kenako anatembenukira kwa Mateyu n'kutsitsa mawu, koma osati kwambiri moti ena asamve. "Boti lalitali ngati lako ukaike fifitini? Ndiye ku Joniko unkakatani? Kapena injini akusankhira ndi achemwali akowa?"

Mchimwene wanga anali munthu wabwino, koma manyazi pamaso pa amuna anzake sankawapirira. Anagula fote ija tsiku lomwelo. Madzulo ndinamuuza kuti wanyengedwa, iye n'kuti, "Achemwali, ngati ili yoipa akwera nawo bwanji? Madala aja moyo wawo amaukonda." Pamenepo ananena zoona.

M'mawa wa ulendo woyamba ndi umene sindidzaiwala. Mateyu anasakaniza petulo ndi oyilo pamchenga, ine ndi Esinati tikuona. Esinati ndi amene anagwira chigubu, ine ndinagwira Limbani, amene nthawi imeneyo anali wa kumsana. Mateyu anathira muyezo wonse, kenako anaonjezera pang'ono n'kunena kuti injini yachilendo suiumira. Asodzi ake awiri anali atakweza kale ukonde. Onse ankayang'ana kunjira, kudikira beseni lalikulu lija.

A Gwedeza anatulukira atakwera njinga, atavala jekete, beseni palibe. Sanatsike n'komwe, anangoponda pansi ndi mwendo umodzi.

"Ana anga, pitani. Ine andiitana ku Chinguluwe, kuli nkhani ya mpunga."

Munthu ameneyu sanagwirepo khasu chibadwire, ndipo ku Chinguluwe analibe ngakhale mzere umodzi. Esinati anamugwira mwamuna wake pamkono.

"Bambo a Limbani, tiyeni tiwadikire. Mupite mawa ali pompo."

"Injiniyo ndaimvetsera ndekha," anatero a Gwedeza. "Kapena pano mawu anga anasiya kugwira ntchito?"

Anapalasa njinga n'kumapita. Mateyu anayang'ana asodzi ake, anayang'ana anthu amene anabwera kudzaona boti latsopano likunyamuka, ndipo ndinaona pankhope pake kuti akudziwa. Koma kutsitsa ukonde pamaso pa gulu lonselo kunali kunena poyera kuti a Gwedeza ndi wabodza, ndipo pagombe pano panalibe mwamuna wa injini amene akanatha kunena zimenezo. Anakankha boti.

Mwera unayamba dzuwa lili pamutu. Sunali woopsa kwambiri, maboti ena onse anabwerera bwinobwino, ngakhale a fifitini amene a Gwedeza ankawanyoza. Boti la injini yamoyo limalunjika mafunde n'kuwakwera. La injini yakufa limatembenuka cham'mbali, ndipo zikatero nyanja imachita zimene ikufuna. Asodzi awiri aja anawatola a boti lina atakakamira zigubu. Mmodzi mwa iwo, Yohane, anafotokoza ali pamchenga, akusanza madzi, anthu ambiri akumva. Anati injini inasiya kukodza atangofika pakuya, kunamveka fungo la penti wopsa, kenako inauma gwa. Mateyu anali chiimire akulimbana ndi chingwe pamene funde linawagubuduza.

Mtembo unapezeka patapita masiku, cha kumpoto, mbali ya kwa Maganga. Boti nalo linakatsakamira komweko chafufumimba, injini ikadali yomangirira. Ife tili pa chisoni, a Gwedeza anabwereka ngolo n'kukafika kumeneko abale tisanaganize n'komwe za boti. Anamasula injini ija n'kubwera nayo. Kwa amene anafunsa anati akuitchinjiriza ku dzimbiri, aiumitsa kenako aipereka kwa namfedwa.

Pamaliro a Mateyu, a Gwedeza anakhala pakati pa amuna, nkhope ili yachisoni kuposa ya ife eni ake. Sananene mokweza. A Gwedeza sankawononga munthu mokweza. Anangopukusa mutu n'kuuza woyandikana naye kuti anyamata obwera ku Joni amafuna boti lalikulu koma oyilo amamuwerengera madontho, ndipo iwo anamuchenjeza mwanayo koma sanamve. Pofika nthawi yochoka kumanda, nkhaniyo inali itazungulira gombe lonse. Ine ndi Esinati tinanena zimene tinaona ndi maso athu. Anthu anatiyankha kuti amayi aziona bwanji muyezo wa oyilo, ndiponso chisoni chimalankhulitsa.

Yohane anasintha mawu mwezi usanathe. Anapeza malo pa boti lina, ndipo injini ya botilo inkakonzedwa pansi pa mkuyu. Ndinamutsekereza panjira tsiku lina.

"A Yohane, si inu munati inasiya kukodza?"

"Mayi, ine ndinali nditamwa madzi ambiri tsiku lija. Sindikumbuka bwino."

"Fungo la penti lija mwaiwalanso?"

"Ndili ndi ana, mayi," anatero, n'kundilambalala.

Msodzi winayo anasamukira ku Nkhotakota ndipo sitinamuonenso. Tinakadandaula kwa akomiti a pagombe kuti injiniyo ibwezedwe, makaniko wina akaimasule anthu akuona, chifukwa injini yopsa ndi kusowa madzi ndi yopsa ndi kusowa oyilo sizifanana mkati. Akomitiwo anati tidzakhala pansi. Aliyense wa iwo anali ndi injini, ndipo pansipo sanakhalepo mpaka lero. Esinati akapita yekha kukaipempha, a Gwedeza ankati kiyi watayika, kapena ankati ikadali kuuma. Inauma zaka zonse zimene Limbani anakula.

Chimene chinandipweteka kuposa zonse chinachitika chaka chatha. Limbani anali atakanidwanso ndi mwini boti wina, amene anamuuza moseka kuti injini yake imakonda oyilo wambiri. Anabwera kwanga n'kukhala pakhonde.

"Azakhali, inu munaonadi akuthira?"

"Ndinaona. Iwe unali kumsana kwanga."

"Mwina munaona botolo chabe. Gombe lonse lingamanamizire munthu mmodzi?"

Ndinalowa m'nyumba kuti asaone nkhope yanga. A Gwedeza anandilanda mchimwene, ndiye anafikanso polanda mwana chikhulupiriro mwa bambo ake. Tsiku limenelo ndinawafunira zoipa, ndipo sindinalape.

Atayamba kudwala, miyendo itatupa moti sankathanso kufika pansi pa mkuyu, Esinati anati tipite, mwina munthu akaona manda pafupi lilime limafewa. Tinapita atatu ndi Limbani masana ena, titanyamula nthochi. Tinawapeza atagona pamkeka pakhonde, ovolosi ija itapachikidwa pamsomali. Esinati anagwada.

"Agogo, sitinabwere kudzakangana. Zakale zinapita. Tikungopempha kiyi wa chisakasa, Limbani atenge injini ya bambo ake apite nayo ku Salima akaione mkati. Zimene akapeze tikazilandira."

A Gwedeza anayang'ana kudenga. Kenako anatembenuza mutu.

"Ameneyu ndi Limbani? Wakula. Sendera kuno."

Limbani anasendera n'kugwada pafupi ndi mkeka. Ndinaganiza kuti nthawi yakwana. Mkuluyo anamugwira dzanja n'kumuyang'ana m'maso.

"Mwana wanga, ukadzagwira injini, oyilo. Usadzaumire oyilo."

Atatero anafunsa ngati nthochizo zinali zakupsa. Anadya ziwiri ife tikuona, n'kutiuza kuti tiwapempherere.

Atamwalira tinagwirizana kuti tidikire masiku a maliro athe, anthu asese, kenako tikapemphe ana awo mwaulemu. Ana aja alibe nafe chifukwa, tinati sangatikanize chitsulo chakufa. Ulemu umenewo ndi umene unatichedwetsa. Ana awo amakhala ku Lilongwe ndipo ankafulumira kubwerera ku ntchito. Tsiku lotsatira kusesa kunabwera lole ya anyamata ogula zitsulo zakutha, aja amayenda ndi sikelo. Ine ndinali ku Chipoka kukagulitsa usipa, Esinati anali kumunda, Limbani anali panyanja. Anyamatawo anathyola loko, anakweza zonse, zitini, masipanala, mgolo, mpando wa galimoto uja, ndi injini ya Mateyu. Anthu amene anaona akuti inali yokulungidwa m'masaka ndi kumangidwa ndi waya, ndipo anyamatawo anaiphwanya ndi nyundo pomwepo kuti alekanitse zitsulo zake. Lole ija palibe akudziwa kumene inachokera.

Tinafika pachisakasapo m'mawa mwake. Chitseko chinali pululu, chikulendewera pa hinjesi imodzi. Malata a denga ana aja anali atayamba kale kuchotsa, ndiye dzuwa linkalowa m'malo amene sanaonepo kuwala chimangireni. M'katimo munalibe kanthu, kupatula misomali pakhoma ndi zidutswa za masaka. Pamene panali mgolo panatsala bwalo lonyowa, mbuzi zikunyambita. Pakona yakumbuyo panali malo oyera pang'ono, aatali ngati munthu wogona chopinda, pamene injini ija inakhala zaka zonsezi.

Limbani anapita pakonapo n'kunjuta. Anakanda dothi ndi chala, analinunkhiza, anakandanso pena. Ine ndi mayi ake tinaima pakhomo osamuletsa.

"Muli oyilo, azakhali," anatero, osatembenuka.

Dothi la m'chisakasa chimenecho ndi lakuda kuyambira pakhomo mpaka kukhoma, lamwa oyilo wa injini za gombe lonse, ndipo palibe angaloze kuti dontho ili ndi la Mateyu. Limbani naye ankadziwa zimenezo. Anakhalabe chinjutire pakonapo, akukanda.